Kuwolotsa Agologolo

Vineland, Ontario
16 Epulo 2000

Mayi a Nadine,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, ndiponso kuti bondo la mayi anu laleka kuwavuta. Ine ndafika bwino, kungoti chimfine chinandichingamira pabwalo la ndege ngati m'bale wanga. Kuno kukuzizirabe. M'mawa tikamadulira mitengo ya mapichesi zala zimauma mpaka kulephera kumanga zingwe za nsapato, ndipo achimwene a Hubert, amene ndi wamkulu pa tonse m'gowelo lathu la madodali, akuti chaka chino mafupa awo ayamba kuwakumbutsa zaka.

Njinga yanga ndaipeza m'shedi momwe ndinaimangirira mu Okutobala, tayala lakumbuyo lokha ndi limene linaphwa. Musandiseke, koma nditaiona mtima unakhala pansi. Paja mukudziwa kuti kuno munthu amene bwana akumufunanso ndi amene amasiya njinga yake m'shedi. Dzina lako likalembedwa pa pepala la bwana, khadi yokuitana kuntchito imakupeza kwathu ku Maggotty komweko. Likapanda kulembedwa, umakayambiranso kumchira kwa mzere wa ofuna ntchito ku Kingston, ndipo pa msinkhu wanga uno palibe angandisankhe pakati pa anyamata. Chino ndi chaka changa chakhumi ndi chiwiri pamunda uno.

Zinthu zasinthako. Bambo Terpstra, bwana wamkulu, anadwala sitiroko mu Febuluwale, ndipo tsopano amangokhala pawindo atafunda bulangete. Munda akuyendetsa ndi mwana wawo Gerrit. Si woipa ayi, koma amayenda mothamanga, foni ili kukhutu, ndipo sabata ino wanditchula kale kuti Hubert kawiri. Bambo ake ankadziwa ngakhale dzina la mbuzi yathu ija inafa ndi chingwe.

Gerrit wabzala sitiroberi pamunda watsopano wa m'mphepete mwa tchire, ndipo wayalamo timapaipi tothirira madzi tomwe akuti tamudyera ndalama zambiri. Kumeneko ndi kwawo kwa tiagologolo tija ta mizere pamsana, tomwe ndinakutumizirani chithunzi chake chaka chatha. Tadzuka kale kutulo take ta m'chisanu ndipo tikungothamangathamanga m'mizere. Ife timatiseka, koma iye satiseka.

Mitengo yoti zilazi ziziyangapo musagule kwa Dudley, yake imakhala yofumbwa. Funsani mlamu wanu Egbert, ngakhale akweze pang'ono. Za likongwe amene wakudyerani anapiye anayi, bwerekani msampha kwa abusa, ndipo khola mulitseke ndi lata pansi pomwe. Nadine aziwerenga, mayeso si chaka chamawa.

Ndine mwamuna wanu,
Linval

14 Meyi 2000

Mayi a Nadine,

Kalata yanu yandipeza Lachinayi, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ine chimfine chatha. Ndatumiza ndalama Lachisanu, mugule nsapato za Nadine ndi feteleza matumba awiri. Kuno nsomba yamchere yakwera mtengo moti tikuidya ngati mankhwala.

Ndapatsidwa ntchito ina yapadera. Lolemba Gerrit anandiitana kushedi n'kundipatsa misampha isanu ndi umodzi ya waya, yonga tizikwere, yogwira kanyama kali kamoyo. Anati tiagologolo tamuboolera mapaipi malo makumi awiri, tikukumbanso mbande. Anandilozera diramu yamadzi kuseri kwa shedi.

"Uthane nato, Linval. Mmene uchitire ine sindikufuna kudziwa."

Ndinanyada, sindikubisirani. Pa amuna khumi ndi anayi anaitana ine, ndipo dzina sanaliphonye.

Tsiku loyamba ndinagwira kamodzi, ndinapita nako padiramu paja n'kukweza msampha kuti ndikamize m'madzi. Mukundidziwa, mayi a Nadine, mbuzi za Khirisimasi za mudzi wonse zimafera m'manja mwanga. Koma kanthu aka kanali katadzaza njere m'masaya onse awiri mpaka nkhope kufufuma. Ndi mantha kanayamba kuzilavula imodziimodzi, kenaka n'kuzitolanso msangamsanga, imfa ili pafupi koma katundu wa kunyumba osamusiya. Manja anga anakana.

Ndinakakatulutsira kumapeto kwa munda wa mphesa. Achimwene a Hubert atamva anaseka chikhakhali.

"Mphwanga, wakaperekeza mlendo eti? Umuphikiretu tiyi, mawa akubwera."

Ndisanakatulutse ndinali nditakapaka kadontho ka penti yabuluu kumchira, penti imene timalembera mitengo yodwala yoti idulidwe. M'mawa mwake mumsampha womwewo munali mchira wabuluu, kakundiyang'ana ngati tinapangana. Kameneko ndinakasiya pansi pa masitepe a gowelo lathu, kutali ndi sitiroberi. Ndinati wobwera kawiri si mlendonso, azidya nyenyeswa zathu.

Apo ndi pamene ndinakumbukira malemu bambo anga. Mphaka akayamba kuba nsomba sankamupha, ankamuika m'thumba n'kukamusiya tsidya la mtsinje wa Black River. Ankati chamoyo ukachiwolotsa madzi, fungo la kwawo limachisokonekera ndipo sichibwerera. Kunonso kuli mtsinje wokhala ndi mlatho, ndipo tsidya lake kuli nkhalango yaikulu ya boma kumene anthu amakayenda ndi agalu awo. Pa njinga ndi makilomita asanu ndi anayi. Lero titatuluka m'tchalitchi ndamangirira misampha pakaliyala n'kukasiya tisanu kumeneko, tonse ndatipaka penti kuti ndione ngati bambo ankanena zoona. Mitengo ya kumeneko ndi yodzaza mbewu, tikadya mpaka kunenepa. Bwana mapaipi ake apulumuka, ine manja anga ayera, palibe wolira.

Mupereke moni kwa mayi. Likongwe uja mwamugwira?

Ndine wanu,
Linval

11 Juni 2000

Mayi a Nadine,

Ndili bwino, kaya inu kumeneko ndi mvula imene mukuti yakuchedwerani. Msana ndi umene ukundiwawa pang'ono chifukwa tayamba kuthyola sitiroberi, tsiku lonse chiweramire. Mtedza musaugulitse tsopano, dikirani Ogasiti mtengo ukwere. Mgolo wa katundu wodzatumiza kumeneko ndayamba kuudzaza, muli kale mpunga, mafuta ophikira ndi nsalu za makatani zimene munanena. Zobiriwira sindinazipeze, ndagula zachikasu, mundikhululukire.

Bambo anga ankanena zoona. Ndawolotsa tiagologolo makumi atatu ndi kamodzi ndipo palibe kamene kabwerera. Mapaipi sakubookanso. Lachisanu Gerrit anabweretsa katoni ya nkhuku kugowelo, nati ndi chifukwa cha Linval, ndipo anandimenya paphewa pamaso pa onse. Sanafunse kuti tikupita kuti, inenso sindinanene.

Pali kanthu kena kakang'ono, mwina sikoyenera n'kulemba komwe. Lamulungu lapitalo ndikutsegula misampha kunkhalango kuja kunatulukira mayi wina wachikulire ali ndi galu. Anandipatsa moni bwinobwino n'kufunsa chimene ndinkachita. Ine, pakamwa panga mukupadziwa, ndinamufotokozera zonse, za diramu, za mphaka wa bambo, za penti. Anati michira yabuluu wakhala akuiona ndipo amadabwa. Anafunsa kumene ndimagwira ntchito, ndinamuuza, mpaka ndinamuthandiza kalembedwe ka Terpstra pamene ankalemba pakapepala. Ndinkaganiza kuti mwina akufuna kulembera bwana kuyamikira. Koma pochoka sanamwetulire, ndipo nditafika pamlatho n'kucheuka anali chiimire akundiyang'ana.

Nditawauza achimwene a Hubert anaika supuni pansi.

"Iwe Linval, zaka zonsezi sunalidziwebe dziko lino? Kuno gologolo ali ndi mapepala kuposa iwe."

Anandikumbutsa za zisa za anamzeze m'shedi, zimene bambo Terpstra ankatiletsa kugwetsa ngakhale zitosi zikugwera pamabokosi, ndi za tsiku lija lole yathu inaima pamsewu kudikira kamba kuti awoloke. Ine ndinkayesa kuti unali mtima wabwino chabe wa mdalayo. Iwo akuti ayi, ndi lamulo, ndipo lili ndi apolisi akeake. Ndinawayankha kuti lamulo loteteza nyama silingamange munthu amene wakana kuipha. Anangoti tiona.

Lero sindinapite kunkhalango. Misampha ndaitchera koma zitseko ndazitseka, kuti aliyense woyang'ana aziona ngati ntchito ikuyenda. Musade nkhawa, mwina ndi mantha a munthu wa kwa eni basi. Mumuuze Nadine kuti masamu ayambe ndi amene akuwadziwa.

Wanu,
Linval

2 Julayi 2000

Mayi a Nadine,

M'thupi ndili bwino. Ndikhulupirira inunso muli bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Lachiwiri tikuthyola matcheri kunabwera galimoto yobiriwira, munatsika mayi wa yunifolomu wa ku ofesi yoona za nyama zakutchire. Gerrit anali atapita ku Toronto ndi zipatso. Mayiyo anafunsa mwini njinga yokhala ndi kaliyala wamatabwa, ndipo amuna khumi ndi atatu onse anayang'ana m'mitengo ngati matcheri awaitana. Ndinatsika pamakwerero ndekha.

Sanandikalipire. Ananditchula kuti bambo Brissett, zimene kuno sindinazimvepo. Anatulutsa chithunzi cha kagologolo ka mchira wabuluu, n'kuloza kachitini ka penti kamene kanali pathirakitala, ndipo panalibenso chokana. Kenaka anandifotokozera lamulo pang'onopang'ono. Akuti tiagologolo ta mizereti tili pa mndandanda wa nyama zotetezedwa. Tikamaononga m'munda, mwini munda amaloledwa kutigwira, ngakhale kutipha pamalo pake pomwepo, koma wochita akhale iye mwini, wa m'banja lake, kapena munthu wa chiphaso cha ntchito imeneyo, osati kungotuma wantchito aliyense. Ndipo wagwira kamoyo ayenera kukamasula tsiku lisanathe, osapitirira kilomita imodzi kuchokera pamene wakagwira.

"Mayi, kilomita imodzi ndinayesa. M'mawa mwake kanali kabwerera."

"Ndikudziwa. Cholinga chake n'chomwecho, kuti kasatayike kwawo."

"Ndiye kuti diramu ija inali yabwino, yolakwa ndi njinga yanga?"

Anati diramu ayi, lamulo silifuna kuzunza, koma kupha mwachangu mwini munda akanaloledwa. Ndinamuyang'ana ndikuganiza kuti akuseka, koma sankaseka. Akuti nyama ukaitengera kutali imanka ndi matenda kwa zinzake. Akutinso kagologolo kalikonse kali ndi una wake ndi nkhokwe yake, ndipo ukakasiya kwa eni, eni malowo amakapirikitsa mpaka kafe ndi njala kapena kagwidwe ndi kabawi. Mayi wa galu uja anatola michira yabuluu isanu ndi umodzi m'mbali mwa njira, yonse yakufa. Ndiye anandifunsa ngati mu Meyi sindinaone tina ta mawere otupa. Ndinationa, mayi a Nadine. Ana ake anatsala m'mauna kuno kumunda, ine ndikupalasa njinga ndikuimba nyimbo za m'tchalitchi. Chifundo chinapha nkhwali, koma changa chaphanso ndi eni ake omwe ndinkawachitira.

Pomaliza anafunsa funso limene likundisowetsa mtendere: misampha anandipatsa ndani, ndipo anandituma ndani. Ndinati mutu wanga sukugwira, dzuwa landiwomba. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti abweranso akalankhula ndi mwini munda, ndipo ndidzasaina zimene ndidzanene.

Ndikati ndi bwana, mlandu ukhala wake, ndipo dzina langa pa pepala lija mukudziwa mmene lithere. Ndikati ndi ine ndekha, ndikhala munthu wa mlandu m'dziko la eni. Ndagwira njakata. Ndalama za mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse, ntchito ya denga la khitchini isaime.

Mundipempherere, koma musakapereke dzina langa kutsogolo m'tchalitchi, mukudziwa mmene mayi a Dudley amapemphererera anthu mpaka kumsika.

Linval

23 Julayi 2000

Mayi a Nadine,

Yanu ndailandira. Zikomo chifukwa cha salimo lija, ndaliika m'thumba la malaya. Ndakondwa kuti Nadine wati mayeso anayenda bwino. Ine ndikudya, ndikugwira ntchito, tayamba mapichesi oyambirira. Kukutentha ngati ku Santa Cruz masana a tsiku la msika.

Mwandilembera kuti ndinene zoona, Mulungu aona zotsalazo. Achimwene a Hubert akunenanso zomwezo, koma mwaukali. Akuti ndikasenza mlanduwu ndekha ndiye kuti ndaphunzitsa Gerrit kutidyera masuku pamutu tonse. Ndinawafunsa ngati iwo pa zaka makumi awiri anayamba atsutsapo bwana pamaso pa munthu wa boma. Anatuluka kukasuta, ndipo masiku awiri sitinalankhulane. Kunena zoona n'kosavuta ukakhala kuti khadi imene ili pamoto si yako.

Ndinaimbira foni bambo uja wa kwathu amene amayang'anira nkhani za ife antchito. Anandimvetsera, ndipo anati ndi ufulu wanga kunena mmene zinalili. Koma anawonjeza kuti palibe lamulo lokakamiza mlimi kulemba dzina la munthu, ndipo mlimi sayenera kupereka chifukwa. Zimenezo ndinkazidziwa kale, ndinangotaya khadi ya foni.

Lachinayi Gerrit ananditenga pa lole yake kuti tikatenge mabokosi. Panjira anaimika pambali n'kuzimitsa injini. Anali wotumbuluka, ndipo ndinaona kuti nayenso akuopa. Anati sankadziwa za lamulo la wotumidwa, bambo ake ndi amene ankadziwa zimenezi. Anati chaka chino boma lamudulitsa kale mitengo yodwala, sitolo yaikulu imene imamugula zipatso simafuna mlimi wolembedwa m'nyuzi, ndipo mlandu wina ungamugwetse.

"Ungonena kuti misampha unaipeza m'shedi, unachita mwa iwe wekha. Chindapusa ndilipira ine. Ndikusamalira, Linval, usaope."

"Bwana, nanga dzina langa?"

"Iwe ndi wa pamunda uno. Bambo angandiphe nditakusiya."

Ndinafuna kumuuza kuti alembe zimenezo papepala, koma munthu sungauze bwana choncho uli m'lole yake. Ndinangoti ndamva. Pobwerera anandigulira khofi ndi mandasi aja a chibowo pakati, ndipo ndinadya.

Mayi wa yunifolomu uja abwera sabata yamawa. Sindinasankhebe, kapena ndinene kuti ndasankha koma sindifuna kuziona zitalembedwa ndi dzanja langa. Musandiyankhe za nkhaniyi, yankho lanu lidzafika zitatha kale. Mundiuze za mbuzi, kuti yabereka angati, ndi ngati Egbert wabweza khasu langa.

Mwamuna wanu,
Linval

3 Sepitembala 2000

Mayi a Nadine,

Pepani kuti ndakhala chete. Makalata anu awiri ndinawalandira. Sindikudwala ayi, mapichesi ndi amene anachuluka, tikuweruka manja atatupa. Nkhani ya Nadine yandisangalatsa kwambiri, kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi si masewera. Mumuuze kuti wotchi ija ndinamulonjeza ili kale mu mgolo. Za koleji ya aphunzitsi imene akufuna tidzakambirana ndikabwera.

Nkhani ija inatha. Ndinasaina.

Mayi uja anandikhazika m'galimoto yake, chitseko chili chotsegula, n'kulemba zimene ndinkanena. Nditamaliza sanandipatse cholembera msanga. Anandiwerengera zonse, kenaka anati, "Bambo Brissett, misampha isanu ndi umodzi yatsopano, timapepala ta mtengo wake tikadali pazitseko, munangoipeza m'shedi?" Ndinati inde. Anafunsanso kachiwiri, n'kunena kuti iye sakusaka munthu wopalasa njinga. Ndinati inde. Kachitatu sanafunse, anangondiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi kuposa tsiku limene anandionetsa chithunzi chija. Chindapusa Gerrit analipira monga ananenera, tsiku lomwelo.

Tsopano kumunda wa sitiroberi kumabwera bambo wina wa chiphaso, wa galimoto yolembedwa dzina lake m'mbali. Misampha yake ndi yopha nthawi yomweyo. Amabwera Lolemba ndi Lachinayi n'kumataya m'chidebe zimene wapeza, zonse mwalamulo. Ndamva kuti wapha kale toposa timene ine ndinawolotsa. Kaja ka pansi pa masitepe sakukadziwa, ndipo amuna onse a m'gowelo, ngakhale achimwene a Hubert, agwirizana kuti sanakaonepo.

Ine andisamutsira kumunda wakutali wa kumsewu wa njanji, ndimagwira ndi anthu awiri basi. Akuti kumeneko kukufunika munthu wodziwa. Mwina n'zoona. Kungoti chichitikireni zija Gerrit sanandiyang'anepo m'maso. Akabwera kumzere wathu amalankhula ndi amene ali pafupi nane, ndipo ndikamupatsa moni amayankha akuyang'ana foni. Sanandikalipire, sanandidule maola. Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinkaganiza kuti munthu ukamusenzera katundu amakukonda, koma ndayamba kuona kuti ine ndimamukumbutsa tsiku lija anazimitsa injini.

Bambo Terpstra amandikwezerabe dzanja lawo labwinolo ndikamadutsa pawindo. Kulankhula sakutha.

Musagulitse mbuzi yaikazi ija, ngakhale wina apereke ndalama zabwino. Malata otsala a khitchini dikirani kaye, musagule mpaka ndifike. Si kuti pali vuto, ndikungofuna kudzasankha ndekha.

Wanu,
Linval

15 Okutobala 2000

Mayi a Nadine,

Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Mphesa tamaliza Lachisanu. Ndege yathu ndi ya pa 24, mwina ndifika pamodzi ndi kalata ino. Mgolo unanyamuka kale, uli ndi dzina lanu, mudzatenge chiphaso chanu pokaulandira. Musabwereke galimoto ya Egbert kudzandichingamira, ndidzakwera basi mpaka ku Santa Cruz.

Dzulo linali tsiku loika njinga m'shedi. Tinazipukuta, kuthira mafuta m'matcheni, aliyense n'kumakankha yake. Gerrit anaima pakhomo ndi pepala lake, akugwira aliyense chanza n'kumati tionana mu Epulo. Ine ndinali wachisanu ndi chinayi pamzere. Nditafika anandigwira chanza, nati ndagwira ntchito yabwino chaka chino. Kenaka anayang'ana tayala langa lakutsogolo.

"Chaka chino malo achepa m'shedimu, Linval. Bwanji uigulitse? Ndi njinga yabwino, upeza wogula."

Ndinasuzumira mkati. Pamsanamira yachitatu, pamene njinga yanga yagona zaka khumi ndi chimodzi, panalibe kanthu, msomali wanga wokolekapo tcheni uli pomwepo. Ndinati chabwino bwana. Zonse zimene ndinakonza kuti ndidzanene tsiku ngati limeneli zinathawa, ndinangoti chabwino bwana, n'kutembenuza njinga.

Achimwene a Hubert anali kumbuyo kwanga, yawo anali ataika kale. Anandilanda njingayo m'manja n'kuikankha kubwerera pakhomo.

"Bwana, ndagula njinga yachiwiri. Malo alipo?"

Gerrit anafiira mpaka m'makutu, koma anapatuka. Njinga inalowa, mayi a Nadine. Anaimangirira pamsanamira yachitatu pomwepo, ndipo malo anakwana bwinobwino. Potuluka achimwene a Hubert anandipatsa kiyi wa loko kuti ndisunge, akuti sangadziwe za mawa. Ndaulandira kuti ndisawakhumudwitse, koma ine ndi iwo tonse tikudziwa.

M'mawa uno ndinakhala pamasitepe ndikumwa tiyi, ndipo kagologolo kaja kanatuluka. Penti yatsala pang'ono kunsonga kwa mchira. Kali kalikiliki kututa, masaya ali tolotolo, kulowa ndi kutuluka, kukonzekera chisanu. Ndinakagawira chimanga chimene chinatsala m'kabati yanga. Ikako palibe angakachotse pano kupitirira kilomita imodzi, boma likukaimira. Mu Epulo kadzadzuka pansi pa masitepe omwewa. Sindikukakwiyira ayi. Ndi kokhako pa tonse timene ndinagwira kamene sindinakawolotse madzi, ndipo ndi kamene ndikutsimikiza kuti kali moyo.

Ndili ndi mantha, sindikunamizani. Za koleji ya Nadine musamuuze kanthu, ndidzamuuza ndekha, ndipo tidzaona pogwira. Kutchalitchi akafunsa mungoti ndikubwera monga mwa chaka chilichonse. Munda wakumunsi uja timausiya chifukwa chosowa manja, muuze Egbert asamangirirenso ng'ombe yake mmenemo, ndiulima. Likongwe ngati akadavutabe mumusiye, ndidzathana naye pakhola pomwepo, sindidzamunyamula kupita naye kulikonse.

Mitengo ya zilazi ya chaka chamawa musaitanitse kwa munthu. Ndidzadula ndekha.

Ndine mwamuna wanu,
Linval